Mwendo Wanga Unkafa Pachitunda Pokha

Moni m'dzina la Ambuye nonse amene mukuwerenga, makamaka inu amene mukudwala matenda oti anthu sakukhulupirirani. Ine ndine Faisoni, ndimathyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo, ndipo ndikaweruka ndimapalasa njinga ya mpikisano. Kwa nthawi yaitali mwendo wanga wakumanzere unkandithera mphamvu pakati pa mpikisano, koma kuchipatala kulikonse ankati ndili bwinobwino.

Ndisanadwale, sindikudzitama ayi, pachitunda ndinalibe mnzanga. Anyamata a m'tauni ankabwera ndi njinga zawo zopepuka, ine n'kuwasiya akupuma wefuwefu m'mitunda ya ku Bvumbwe. Ndiye zinangoyamba. Ndikapalasa mwakachetechete, palibe vuto. Koma ndikangoti tsopano ndiponde zenizeni, ntchafu inkayamba kuwotcha, kenako dzanzi n'kutsika mpaka kuphazi, mwendo n'kungoti lende ngati si wanga. Ndikatsika n'kukhala pansi pang'ono, basi wabwerera. Ndani akanakhulupirira zoterozo?

Anzanga a mu timu anayamba kundiseka. Ankati, "A Faisoni matenda awo amadziwa kuwerenga mapu, amadikira chitunda." Ine mtima wanga ndi wapachala, ndipo tsiku lina ndinatsala pang'ono kumenya munthu ndi pampu. Wotiphunzitsa anandiuza mosabisa kuti ndayamba mantha, ndipo ngati sindisintha malo anga apatsa wina. Kumudzi kwa Nsabwe achimwene anati ndinalodzedwa ndi amene ndinkawapambana. Ndinapita nawo kwa sing'anga kumene ananditengera, ananditema mphini ntchafu yonse, koma pachitunda mwendo unafa monga kale.

Mkazi wanga Esinati yekha ndiye sanakayike. Tsiku lopita kuchipatala ankanditenthetsera madzi, kundisitira thalauza la kutchalitchi, n'kundiletsa kukhudza njinga. Ankati wodwala sapalasa, ndipo kwa adokotala munthu sapita akununkha thukuta. Ndinkakwera kabaza ngati bwana, kukhala pabenchi m'mawa wonse, ndipo pondiyeza mwendo unkakhala uli gwa, wamphamvu kuposa wa adokotalawo. Ankandipatsa mapiritsi opha ululu, n'kundiuza kuti ndikapume.

Ndinafika potopa, abale. Njinga ndinaikoleka kudenga. Tsiku lina ndili m'munda wa tiyi, dengu lili kumsana, ndinaima n'kupemphera mokwiya. Ndinati, Ambuye, chikho sindikuchifunanso, koma musalole kuti ndife ndi dzina la munthu wabodza. Onetsani munthu mmodzi yekha chimene ine ndikumva.

Yankho linabwera nyengo yodulira tiyi. Mpeni unatsetsereka n'kundicheka pabondo, ndipo akapitawo ananditumiza ku kiliniki ya pa esiteti. Kumeneko ndinapeza dokotala watsopano, a Mayi Namaona, munthu wamfupi, wosachedwa kuseka. Akusoka balalo anaona mphini zija.

"Bambo, mwendo umodzi wokhawu unalakwa chiyani?"

Ndinayankha mwamwano, poganiza kuti nawonso andiseka. Koma anasoka n'kumaliza, anakoka mpando, n'kundifunsa zinthu zimene palibe anandifunsapo: ululu umayamba ndikupalasa motani, umatha msanga bwanji ndikaima, phazi limazizira kapena ayi. Pomaliza anati, "Bala likapola mubwere ndi njinga yanu. Musasambe, musapume. Matenda anuwa ndikufuna ndiwapeze ali pantchito."

Esinati atamva anagwira pakamwa. Anati dokotala wanji wofuna thukuta la mwamuna wa mwini? Komabe njinga anaitsitsa yekha kudenga.

Zimene anachita a Mayi Namaona sindidzaiwala. Linali Loweruka, tsiku lawo lopuma. Anayamba andiyeza BP pamkono ndi mu akakolo onse awiri ndisanakwere, zonse zinali bwino. Kenako anakwera njinga yamoto ya a Yusufu, a kabaza a pasiteji yathu, makina oyezera ali pamiyendo, n'kumanditsatira pa msewu wafumbi wokwera pakati pa tiyi. Ankakuwa kumbuyo kwanga, "Pondani, bambo! Pondani mpaka ufe!" Azimayi amene ankachokera kotola nkhuni anaima n'kumationerera ngati amisala.

Mwendo utafa ndinadzigwetsa m'mbali mwa msewu. Mayiyo anadumpha njinga isanaime n'komwe, nsapato imodzi n'kutsala m'fumbi, anagwada pa dothi lofiira lija ndi diresi lawo labwino n'kundimanga lamba woyezera BP pa kakolo. Anayeza kumanja, anayeza kumanzere, anabwerezanso. Kenako anagwira dzanja langa n'kuliika paphazi lakumanzere. Linali lozizira, pamene thupi lonse linali moto.

"Bambo Faisoni, simunama. Magazi sakufika kuno."

Ine bambo wa ana atatu ndinalira mokweza pamaso pa a Yusufu ndi azimayi a nkhuni, ndipo manyazi ndinalibe.

Anandifotokozera kuti pali mtsempha waukulu umene umatsitsa magazi kuchokera m'mimba kupita kumwendo. Kwa ena opalasa kwambiri atawerama, zaka ndi zaka, mtsemphawo umapindikapindika pamalo amodzi mpaka m'kati mwake mumakhuthala, njira n'kuchepa. Munthu akakhala phee magazi ochepawo amakwanira, n'chifukwa chake pabenchi ndinkaoneka wangwiro. Anati anangowerengapo za matendawa ali kusukulu, sanawaonepo, ndipo sanafune kundilonjeza zimene sangathe.

Koma sanandisiye. Anaimba mafoni, anakanidwa, anaimbanso, mpaka chipatala chachikulu ku Blantyre chinandiitana kukajambula mitsempha. Zinapezeka monga ananenera. Ndinadikira miyezi yambiri kuti madokotala a mitsempha apezeke, kutchalitchi akundipempherera, ndipo opaleshoni inachitika. Anatsegula mtsemphawo, anachotsa zokhuthalazo n'kuukulitsa ndi chigamba.

Atandilola kupalasanso, ndinayamba pang'onopang'ono ngati mwana. Mpikisano wanga woyamba sindinapambane, ndinali kumbuyo kwenikweni, anyamata amene ndinkawasiya aja atamwa kale madzi. Koma nditatsika njinga ndinamva miyendo yonse iwiri ikupweteka mofanana, kutopa kwabwinobwino kwa munthu wamoyo. Ndinagwada pomwepo pa tala.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wokwiya. Ndikuthokoza Esinati, a Yusufu amene anakana kulandira kanthu tsiku lija, ndi a Mayi Namaona, amene Ambuye awadalitse kufikira zidzukulu zawo. Sindikunena kuti mwendo uliwonse wopweteka ndi matenda angawa, zimenezo n'za madokotala. Koma inu amene mukuuzidwa kuti mukunamizira, pamene thupi lanu likukuuzani zina, musatope kupemphera ndipo musatope kufotokoza. Ine ndinafotokoza kwa zaka anthu akundiseka, ndipo dokotala amene anandimva anali mmodzi yekha. Anakwanira. Ameni.