Madzi a kutsidya

Mzere wa pachigayo pa Nsaru sumayenda, ndiye mayi wina wa mwana kumbuyo anayamba kufotokozera bambo amene anaima naye za anthu ofufuza matenda otsegula m'mimba.

"Zitsime zitasefukira ndi chimvula chija, anachita maere. Mudzi wa kutsidya anaupatsa klorini wothira m'madzi. Kwathu amangobwera kudzawerenga odwala."

"Ndiye mukumwa madzi ati, mayi?"

"A kutsidya omwewo. Ndimakatunga kwa alamu anga."

"Ofufuzawo akakufunsani?"

"Ndimati a pachitsime pathu."

"Mukuwasokonezeratu kafukufuku. Adzalemba kuti kloriniyo alibe ntchito, eti?"

Mayiyo anamangitsa chitenje choberekera mwanayo.

"Alembe. Iwo akufuna odwala oti awerenge, ine mwana ndili naye yekhayu. Ngati akuchepa, muwabwereke anu, bambo."