Ndinawalola Kupita Akudwala Malungo

Omvera anzanga, ndine mayi wa mwana mmodzi kuno ku Chililalila. Mgodi umene amuna anga ankagwirako utatsekedwa, anapeza ntchito yotsogolera alendo oyenda pa njinga zamoto za mawilo anayi m'mapiri a ku Mulungushi. Wotsogolera amakhala patsogolo kuyesa njira, alendo n'kumatsatira.

Tsiku lina amuna angawo anadzuka akunjenjemera ndi malungo. Apongozi anawauza kuti, "Iwe dzuka, ukagona ntchitoyo apatsa wina." Ndinafuna kuwaletsa, koma pamaso pa apongozi ndinachita manyazi. Ndinangowapatsira jekete.

Ali pa njinga kumapiriko, pamtsetse anachita chizungulire, njinga n'kuwagwera pamsana. Mpaka lero sayenda.

Mwana wathu wayamba kuyenda mwezi uno. Amakoka dzanja la atate ake kuti nawonso aimirire, iwo n'kutembenukira kukhoma. Amayi anzanga, musachite ngati ine. Pakamwa ndinali napo.