Kabati Yagalasi ya Mapepala a Dokotala Ngozo

Olemekezeka a Bwanamkubwa a boma lathu la Ntcheu, amene mwasiya ntchito zanu kuti mudzakhale nafe, olemekezeka a mkulu wa zamaphunziro, mafumu athu, madoda ndi makosana amene mwakhala pamthunzipo, abusa ndi akulu a mpingo, a mphunzitsi wamkulu, bambo Fabiano Kampira, pamodzi ndi aphunzitsi onse, makolo anzanga, ana asukulu, inu eni ake a nyumbayi, ndiponso inu a Dokotala Tisungane Ngozo, amene mwamangitsa laibulale ino, amenenso muli mwana wanga wotsiriza: ndakupatsani moni nonse mwaulemu.

Ine ndine Eliya Ngozo, wa kuseri kwa msika wa Kandeu uku, ndipo zaka zanga ndi makumi asanu ndi atatu kudza zitatu. Mlendo wolemekezeka amabwera ndi pepala m'thumba la jekete, navala magalasi, nawerenga. Magalasi ndavala, mukuwaona. Mawu olembedwa ndilibe, ndipo chifukwa chake muchimva. Mundilole ndilankhule pang'onopang'ono, popeza masabata atatu akwana mtima wanga usanakhale m'malo.

Poyamba ndithokoze amayi amene munatunga madzi, abambo amene munaumba njerwa, ndi amisiri amene munakhoma denga dzuwa likuswa mtengo. Ntchito yanu ikuoneka, ndipo sifunika munthu woinenera.

Masabata atatu apitawo a Kampira anafika kwathu pa njinga yamoto, nandipeza ndikusenda nsungwi za dengu. Atakhala pansi anandifunsa kuti, “A Ngozo, kodi mwana wanuyu mumamudziwa?”

Ndinati, “Aphunzitsi, ndinabereka ndine. Amagwira achule.”

Mukuseka, koma ndi mmene ndakhala ndikuyankhira aliyense kwa zaka makumi awiri, ndipo ndinkayankha motsitsa mawu. Ana a anzanga ndi anamwino, ena apolisi. Wanga amakwera mapiri ndi jombo, kukagwira zimene ife timaponda popita kudimba.

A Kampira anatulutsa foni, nayamba kundifotokozera. Akuti mwanayu wafufuza mmene achule a phiri limodzi anasiyanirana ndi abale awo a phiri lina m'kupita kwa mibadwo, mpaka kulira kwawo kunasiyana, osamvananso. Akuti zimene anapeza anazilemba m'mapepala makumi asanu kudza awiri, ndipo pepala lililonse lisanasindikizidwe limayamba lazengedwa ngati mlandu ndi akatswiri osamudziwa, ofuna kulipezera bodza. Kenaka anati, “Munthu wophunzira wa ku Brazil kaya ku Japan akamalemba za zamoyo za m'mapiri, saloledwa kungolankhula za m'mutu mwake. Amaitana mboni. Mwana wanuyu aitanidwa kukhala mboni maulendo oposa zikwi zisanu ndi chimodzi.”

Ndinafunsa kuti, “Konseko wapitako?”

Anati, “Ayi. Amapita ndi mapepala ake, iye ali khale.”

Olemekezeka, ine ndinakhalapo mboni kawiri pa moyo wanga wonse, pa mlandu wa mbuzi ndi pa mlandu wa malire a munda, ndipo kachiwiriko sanandikhulupirire. Ndinagwira mpando, ngakhale ndinali nditakhala kale.

Ndisanapume, a Kampira anafika pa chimene anadzera. Anati, “A Dokotala atiuza kuti pepala lililonse likatuluka ankakutumizirani pa positi, atalemba kalata ndi dzanja lawo kuseri kwa tsamba loyamba. Tagula kabati yagalasi. Tikufuna mudzawapereke inu mwini pa tsiku lotsegulira. Alipo, eti?”

Ndinati, “Alipo, osungidwa bwino.”

Linali bodza, ndipo kuti mulimvetse ndiyenera kukutengerani kumbuyo.

Ndinapita ku Joni ndili mnyamata, osapondako m'kalasi ngakhale tsiku limodzi, ndipo ndinakumba pansi m'migodi zaka khumi ndi ziwiri. Ndinabwerako ndi bokosi lachitsulo, jekete ndi magalasi. Lamulungu loyamba kutchalitchi, mkulu wa mpingo wina anandipatsa buku la nyimbo, nanena mokweza kuti, “Apatseni a Ngozo, aphunzira ku Joni awa.” Ndikanakana tsiku lomwelo nkhani ikanatha. Koma ndinalitsegula, ndipo popeza nyimbo ndinkazidziwa pamtima, ndinaimba ndikuyendetsa chala. Kuyambira pamenepo ndinakhala munthu wowerenga. Wina akabwera ndi kalata kuti ndimuwerengere, ndinkati maso andivuta lero. Ankadziwa ndi malemu mayi a kunyumba okha, a Zelesi. Ndikagwira buku chadodolido, ankalitembenuza mwakachetechete ngati akuchotsapo fumbi. Anatisiya kutatsala chaka chimodzi kuti envelopu yoyamba ifike.

Lero ndikunena pamaso pa abusa, pamaso pa mafumu ndi pamaso pa ana anga: ine Eliya Ngozo sindidziwa kuwerenga. Ngakhale dzina langa sindingalizindikire litalembedwa pakhomo la nyumbayi.

Ndiye maenvelopu anayamba kubwera. Ndinkawatsegula, kuona zithunzi za achule ndi mizere yokwera ndi kutsika, n'kuwaika m'bokosi muja. Kupempha munthu kuti andiwerengere kunali kudzivula. Tisungane akabwera pa Khirisimasi ankafunsa kuti, “Atate, munawerenga?”

“Ndinawerenga.”

“Ndiye mukuti bwanji?”

“Zilembo zachepetsa.”

Iye ankangoti, “Chabwino, atate,” n'kupita kukathandiza alamu ake kukhitchini.

Tsono ku komponi, kumene tinkagona anthu a mumgodi ku Joni kuja, tinali ndi chizolowezi chathu. Pepala lofunika linali limodzi, pasi yako. Lina lililonse linali lopichirira fodya. Chaka china mvula itatsekereza msewu, ndinasowa pepala, ndipo ndinang'amba tsamba limodzi la m'bokosimo. Linali pepala labwino, losazima msanga. Dzinja lotsatira ndinang'ambanso. A Maynard Chimpeni muli apo, musabise nkhope m'chipewa, theka la mapepalawo munasuta ndinu, ndipo munkachita kufunsa kuti, “Kodi mwana uja sanatumizenso?”

Sekani, nanenso ndikanaseka akanakhala wina. Koma a Kampira atachoka tsiku lija ndinatsegula bokosi, ndipo munali maenvelopu okhaokha. Ndinafufuza padenga, munkhokwe, pansi pa mphasa. Ndinapeza tsamba limodzi m'chitini, nditakulungiramo mbewu ya nyemba. Ndi ili.

Ndinalisunga masiku khumi ndi anayi ndikuliyang'ana. Lachinayi lapitali ndinayenda wapansi kudzafika muofesi ya a Kampira, ndinatseka chitseko, ndipo ndinawauza zimene ndakuuzanizi. Sanaseke. Anatenga tsambali nawerenga mokweza kalata ya kuseri. Ndinawapempha abwereze katatu, ndipo ndaisunga monga ndinasungira nyimbo. Ikuti:

“Atate, ili ndi pepala lachisanu ndi chiwiri limene ndakutumizirani. Ndi la kachule kathu kaja. Dzina lanu lili pa tsamba lomaliza. Sindidziwa ngati ntchitoyi imakusangalatsani, popeza simuyankha. Mwina mukanakonda ndikanakhala namwino. Ngati ndalakwitsa penapake mundiuze, pakuti amene mumakadziwa bwino ndinu. Ndikudikira…”

Pamenepo pepala lathera, ndi pomwe ndinang'amba.

Ana asukulu, ndikuuzeni za kachuleko. Tisungane ali ndi zaka zisanu ndi zinayi anabwera kunyumba akulira. Mphunzitsi anali atanena kuti chule aliyense amayamba ali mbululu m'madzi, ndipo iye atatsutsa, anamugwaditsa panja. Anatsutsa chifukwa cha ine. Ndinali nditamuuza kuti kumunda kwathu kwa kachewere, kuphiri la njira ya ku Tsangano, kuli kachule kochepa ngati chikhadabo, kamene kamaikira mazira pansi pa masamba onyowa, ndipo ana ake amatuluka ali kale ndi miyendo. Loweruka ndinapita naye. Tinagwada, tinavundukula masamba, ndipo anaona yekha. Ine nkhaniyo ndinaiiwala sabata yomweyo.

A Kampira anandiuza kuti pepala la kachule kameneko, lokhalo, laitanidwa kukhala mboni maulendo mazana asanu ndi anayi, ndipo kumapeto kwake kuli mawu othokoza Eliya Ngozo, mlimi, amene anayamba kuonetsa wolembayo mazirawo. Ndiye kuti dzina langa lakhala likuyenda m'maiko amene sindingathe kuwatchula, ine ndili pakhonde ndi a Maynard, ndikulisandutsa utsi. Ndipo mwana wanga, amene anthu zikwi amamumvera, wakhala akudikira yankho la munthu mmodzi. Analemba kachisanu ndi chiwiri osayankhidwa, nalembanso maulendo ena makumi anayi kudza asanu. Zimene ananena m'makalata enawo sindidzazidziwa.

A Kampira ndi munthu wachifundo. Anati, “A Ngozo, mapepala onsewo ali pa kompyuta. Ndisindikiza ena, tiwafinye pang'ono kuti aoneke akale, tiike m'kabati. Palibe adzadziwe.” Ndinakana. Osindikizawo aikidwe pa mashelefu kuti ana aziwerenga, koma dzanja la mwana wanga kompyuta ilibe, ndipo ndatopa kuyendetsa chala pa buku. M'kabati muikidwe tsamba limodzi ili, ndi fungo lake la nyemba. Mwana akafunsa kuti enawo ali kuti, mumuuze zoona, ndipo mumuuzenso kuti amene sakumvetsa kanthu m'nyumba muno afunse tsiku lomwelo.

Tsopano, olemekezeka, mundikhululukire ndisiye ulemu wa pamsonkhano, ndilankhule ndi mwana wanga.

Nangozo, kalata yako ndaimva Lachinayi, ndipo ndikuyankha lero. Namwino sindikumufuna. Sindinakhale chete chifukwa chonyoza ntchito yako. Ndinakhala chete chifukwa ndinaopa kuti undiona mmene ndilili. Za kachule, a Kampira andimasulira tsamba lokhali, ndipo sunalakwitse. Koma pali chimene sukuchidziwa, popeza sindinakuuzepo. Zaka zisanu ndi chimodzi tsopano, kachuleko sikaliranso kumunsi kwa munda kumene tinagwada kuja. Kakumveka kumtunda kokha, kupitirira mwala waukulu, ndipo chaka chatha kanayamba kulira mochedwa ndi masabata awiri. Ngati zimenezi zili ndi ntchito kwa iwe, tenga. Ndi zokhazo ndili nazo.

Ndikuona watulutsa cholembera misozi ili m'maso. Lemba, ndidikira.

Walemba? Tsono ndili ndi pempho. Mawa ukubwerera ku ntchito. Ngati mtima wako ungalole, ukafika undilembere kalata imodzi, ngakhale yaifupi, ngakhale yokalipa. Ndidzabwera nayo kuno masana, a Kampira adzandiwerengera chitseko chili chotsegula, ndipo yankho lidzanyamuka sabata yomweyo.

Bwera kuno, mwana wanga. Sizasi yodulira riboni iyi sindiigwira ndekha. Gwira mbali inayo.

Olemekezeka nonse, mwa ulemu umene mwandipatsa, umene sindinauyenere, ine pamodzi ndi a Dokotala Tisungane Ngozo tikulengeza kuti laibulale ya sukulu ino yatsegulidwa kuyambira tsopano. Ana, lowani.

Zikomo kwambiri.