Zikhomo Zofiira Kumtunda kwa Nyumba Yanga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ndati ndikusimbireni za mantha amene anandigwira m'chaka chimene akazi anga anafa ziwalo mbali imodzi, tikukhala m'dambo la mtsinje kumunsi kwa minda ya tiyi, cha ku Khonjeni.

Nditapuma ntchito ya ukapitawo pa esiteti, ndinamanga nyumba pafupi ndi dimba langa, popeza malo okwera ambiri ndi a tiyi. Tsiku lina kunafika anthu a ku boma ndi makina oyezera malo a miyendo itatu, nayamba kukhoma zikhomo zopaka utoto wofiira. Mzere wake unadutsa kumtunda kwa nyumba yanga. Kwa ife, zidzukulu za anthu amene anachoka ku Mozambiki nadzalima thangata m'minda ya azungu, chikhomo chili ndi uthenga umodzi wokha: malo apita. Mudzi wonse unati esiteti ikufutukula malire, ndipo anansi anazula zikhomo zija naziponya m'madzi. Munthu wosayenda ndikanapita naye kuti? Ndinagwada, ndi kupempha Mulungu kuti anthu aja asadzapondenso kwathu.

Koma anabweranso. Wowatsogolera anali mayi wa msinkhu wa mwana wanga, ndipo ndinamupatsa mpando.

"Agogo, sitikulanda malo," anatero. "Tikujambula mapu osonyeza pamene madzi amafika mtsinje ukasefukira, ndipo nyumba yanuyi ili kumunsi kwa mzerewo. Bwerani muone."

Anakumbitsa dzenje kuseri kwa khitchini yanga. Pansi pa dothi lakuda panatuluka mchenga woyera ndi timiyala tosalala ta mumtsinje.

"Mtsinje unagonapo pano," anatero, "ndipo mitengo yakumapiri yatha. Ukadzabwera sudzaodira."

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Mantha oyamba anachoka, nalowa ena owaposa, moti kamtambo kalikonse kankandiopsa. Ndinakalira kwa akulu a mpingo, ndipo anatipatsa kachipinda kuseri kwa tchalitchi, pachitunda. Abale ananyamula akazi anga pamachira. Anansi ankaseka m'njira, amvekere, "A kapitawo, mwathawa utoto?"

Dzinja litakhwima, Sabata lina m'mawa, kwathu dzuwa linkawala koma kumapiri kunali kwakuda bii. Tili pakati pa nyimbo tinamva mkokomo ngati wa sitima yapamtunda. Titatuluka tinaona madzi ofiira atadzaza dambo lonse, akukokolola nthochi ndi mbuzi. Amene anali kumunsi anathawira kumtunda ndi zovala za m'thupi zokha. Ndinaona denga langa likupendama, kenaka silinaonekenso. Ndinakumbukira kuti tisanasamuke, Sabata lililonse ndinkawasiya akazi anga okha m'nyumba imeneyo, chitseko chotseka.

Ndinadzikoka mpaka kukachipinda kuja. Ndinawapeza ali gone pamphasa, osanyowa, akundiyang'ana modabwa.

"Bambo, mwatuluka bwanji mapemphero asanathe?"

Ndinangowagwira dzanja lamoyo lija ndi kulira ngati mwana.

Ndikuyamika Mulungu amene anandimana chimene ndinapempha, nandipatsa chimene ndinkasowa. Ndikuyamikanso mayi wa ku boma uja ndi mpingo umene unatisenza. Inu amene mukunjenjemera lero, limbikani, musaleke kugwada. Nyumba inapita, koma amene ndinawamangira nyumbayo ndikali nawo.