Moni umene tinaletsedwa kuyankha ku Dar es Salaam

Aulutsi, ndiloleni ndiwafotokozere omvera zimene zinandichitikira nthawi ya chipani chimodzi, ndili mphunzitsi ku Lufita, m'boma la Chitipa.

Ine ndi mkazi wanga tinkafuna kukaona nyanja yamchere ku Dar es Salaam kwa masiku atatu okha. Potipatsa chilolezo, bwana wina pa Boma anatichenjeza kuti, "Kumeneko kuli anthu othawa boma. Mmalawi akakupatsani moni, musayankhe." Tinachita mantha, moti sabata yonse tinkayeserera kunyumba. Ine ndinkapereka moni, mkazi wanga n'kuyang'ana kumbali, kenako tonse n'kufa nazo kuseka.

Titafika kunyanjako, mkazi wanga analawa madziwo n'kufuula kuti, "Bambo, ndi amcheredi!" Mayi wina wogulitsa nsomba, atamva kalankhulidwe kakwathu, anacheuka msanga, n'kutipatsa moni m'Chitumbuka: "Mwawuka uli, ŵakukaya?" Mkazi wanga anaiwala zonse tinayeserera zija. Anayankha, mpaka kugwirana chanza.

Ine ndinayang'ana uku ndi uku, kuopa kuti wina wationa. Koma mayiyo sanali wandale ayi. Anakwatiwa kumeneko kalekale, ndipo atamva kuti tachokera ku Lufita, ankangofuna kudziwa ngati amayi ake kumudziko akadali moyo. Tinkawadziwa bwino agogowo, ankatigulitsa nthochi. Titamuuza kuti ali bwinobwino, anavina pamchenga pomwepo, n'kutipatsira chitenje choti tikawapatse.

Titabwerako, ndinakapereka chitenjecho mobisa. Agogowo sanabise kanthu. Lamlungu anachivala kutchalitchi, n'kukhala kutsogolo kwenikweni.

Omvera anzanga, chenjezo la paulendo muzilimvera ndithu. Koma ine mpaka lero ndimathokoza kuti mkazi wanga anaiwala.