A Sumaila Akana Kuyaka

Lusubilo wa ku Area 12 ankajambula filimu yake yoyamba pakhonde la sitolo ina ku Old Town. Woti asewere ngati chidakwa sanabwere, ndiye anangogwira a Sumaila, telala wa pakhondepo, dzuwa lisanapendeke.

"Mawu ake ndi ochepa, bambo," anatero Lusubilo. "Mungoti, 'Aise, lero ndayaka!'"

A Sumaila anadzigwiragwira mkanjo. "Ndayaka pati?"

"Ayi, kuyaka ndi kuledzera."

"Nanga osangoti ndaledzera? Komanso ine Msilamu, mowa ndiudziwira kuti?"

"Ndi filimu chabe! Anthu a kuno mumayankhula choncho. Ndinafufuza."

"Munafufuza kuti?"

"Pa foni."

"Ohoo."

Lusubilo anapukuta thukuta. "Chabwino, tidumphe pamenepo. Nenani kuti, 'Tiyeni tikaphe makwacha.'"

"Tikaphe ndani?"

"Makwacha! Ndalama!"

"Zimapuma?"

"Bambo inu!"

"Ayi, ndifunse. Poyamba mwandiwotcha, pano ndine wakupha. Apolisi akaonera, adzatenga inu kapena ine?"

"Satenga munthu! Omaliza awa: 'Masteni andithamangitsa pa den.'"

"Masteni ndiye ndani?"

"Mayi anu."

A Sumaila anaimirira, sizasi ili m'manja. Wogwira kamera anabwerera m'mbuyo.

"Mayi anga anagona kalekale. Sanathamangitsepo ngakhale nkhuku. Muwatchule bwino."

"Si mayi anu enieni! Iii, koma abale! Popanda chiyankhulo cha mumsewu filimuyi palibe akaikhulupirire. Mukundiphera ntchito!"

"Ndayambanso kupha?"

Lusubilo anakhala pa mulu wa nsalu, manja kumutu. Pomwepo foni ya a Sumaila inalira. Anaika sizasi pansi, n'kutembenukira kukhoma.

"Eee Mukhtar, bho? Ayi aise, kuno zili mbola. Kamfana kena ka kumayadi kakundidyera nthawi, geni yaima. Ndikupeza pompano. Shapu, shapu."

Lusubilo anadzambatuka. "Ndi zomwezotu! Ndi zimene ndikufuna! Bwerezani, kamera ikujambula!"

"Ndibwereze chiyani?"

"Zimene mwanenazi! Ndiye nthawi yonseyi mumandimva?"

A Sumaila anabweza foni m'thumba, nakhala pa makina awo, n'kuyamba kulowetsa ulusi mu singano mosapupuluma.

"Izo ndi za ine ndi Mukhtar, mwanangu. Inu a kumayadi timakuyankhulani Chichewa cha pa wailesi, kuti muzimvako."