Mawu Amene Ndinayankhula pa Sitolo ya a Saidi

Abale ndi alongo, landirani moni m'dzina la Ambuye. Abusa, akulu a mpingo anzanga, amayi nonse, zikomo pondipatsa mpata. Ambiri mukundidziwa. Ndine Wilisoni, mlimi wa fodya wa kuno ku Kabudula. Koma zimene ndinene lero ambiri simukuzidziwa bwino.

Ine ndi mayi a kunyumba, Nangondo, tinali ndi mwana wamwamuna mmodzi yekha, Limbikani. Anali dalaivala wa magalimoto akuluakulu. Anapeza ntchito kumpoto kwa Mozambique, ku tauni ya Palma, yonyamula miyala ndi simenti. Lamlungu lililonse tikaweruka kuno ankaimba foni. Ankafunsa za mvula, za fodya, za bondo la amayi ake. Tinkakhala bwino, abale. Nthawi imeneyo sindinkaona, koma tinkakhala bwino.

Unali mwezi wa Malichi. Ndinali m'chigafa ndikusoka fodya, kawailesi nditakapachika pamzati. Nkhani za masana zinati zigawenga zalowa m'tauni ya Palma, zikuwombera anthu, zikuwotcha nyumba, ndipo mafoni onse aduka.

Kodi mukudziwa chimene ndinachita? Ndinapitiriza kusoka. Makutu anamva bwinobwino, koma manja anapitiriza. Ndinamaliza mulu wonse umene unali patsogolo panga, ndikudziuza kuti mwina dzinalo ndalimva molakwika. Kenako ndinazimitsa wailesi kuti Nangondo asamve. Ndinapita kuseri kwa nkhokwe n'kuimba nambala ya mwana. Sinalowe. Ndinaimbanso. Sinalowe. Ndinaimba mpaka batire linatha. Nangondo atandifunsa chimene chandivuta, ndinanama kuti mutu ukundiwawa.

M'mawa mwake ndinapalasa njinga kupita ku Nsaru kukatchaja foni kwa a Saidi. A Saidi ndi Msilamu, ali ndi sitolo ya feteleza ndi zipangizo za njinga. Tinadziwana tili anyamata. Pa ukwati wa Limbikani anabwera, anavina nawo. Nditafika ndinapeza anthu ataunjikana pakhonde, akuona zithunzi pafoni. Aliyense ankanena zake. Wina anati zigawengazo zikupha anthu zikutchula dzina la Mulungu mwa Chisilamu. Mawu amenewo analowa mwa ine ngati minga.

A Saidi anatuluka, n'kundigwira dzanja. Anati, "Achimwene, ndamva. Kodi mnyamata mwamupeza?"

Ndinachotsa dzanja langa. Ndinati, "Musandigwire. Anthu anu andiphera mwana, ndiye mukufunsa chiyani?"

Ndinanena ine, abale. Mkulu wa mpingo. Pamaso pa anthu, dzuwa likuwala. A Saidi anaweramitsa mutu n'kubwerera m'sitolo. Ine ndinakwera njinga, foni yosatchaja.

Nditafika kunyumba ndinapeza Nangondo atakhala pansi pabwalo. Anali atamva kwa amayi anzake kuchitsime. Anangondifunsa chifukwa chimene ndinamubisira za mwana amene anabereka yekha.

Masabata anadutsa. Miyezi inadutsa. Amalume ake a mwana anapita ku maofesi a m'tauni, anangouzidwa kuti tidikire. Fodya anaolera m'chigafa, ine ndikumuona. Achibale anabwera n'kunena kuti tiike zovala zake m'manda, maliro athe. Nangondo anakana. Anati mwana wake si malaya. Anasiya kudya bwino. Galimoto ikamveka pamsewu, ankatuluka.

Ine ndinkabwera kuno Lamlungu lililonse. Ndinkaima pano pomwe, kutsogolera pemphero la kukhululukirana. Koma Lolemba ndinkayenda m'midzi kuuza anthu kuti asamagule kwa a Saidi. Ena anandimvera. Ena muli muno. Munandimvera chifukwa munkandilemekeza, ndipo tchimo limenelo ndi langa, si lanu. Mtima wanga unali utauma. Ndinkadana ndi munthu amene ndinkamuona, chifukwa amene anachita zoipazo sindinkawaona.

Kenako m'nyengo yotentha, tsiku lina m'mawa, njinga yamoto inaima pabwalo. Anali a Saidi. Ndinafuna kulowa m'nyumba, koma Nangondo anali atayala kale mphasa.

A Saidi anafotokoza pang'onopang'ono. Anati kuyambira sabata yomweyo, iwo ankaimbira amalonda anzawo a ku Mozambique. Uyu ankawapatsa nambala ya uyu, uyo ya wina. Ankatumiza chithunzi cha Limbikani cha pa ukwati. Miyezi yonseyo ine ndikuwaipitsa, iwo ankafufuza mwana wanga. Tsopano anali atapeza munthu wina, telala, dzina lake Abudala, amene ankakhala ku msasa wa othawa nkhondo. Anationetsa chithunzi chimene munthuyo anatumiza. Inali laisensi ya Limbikani yoyendetsera galimoto.

Anamuimbira pomwepo. Abudala ankayankhula Chiswahili, a Saidi ankamasulira. Anati iye ndi Limbikani anakumana kutchire akuthawa, osadziwana. Limbikani anali atawomberedwa pantchafu. Abudala ndi anzake awiri anamunyamula masiku awiri, akusinthana. Tsiku lachitatu m'mawa, mwana wanga anamwalira. Anakumba manda ndi chikwanje ndi manja. Ankadziwa kuti ndi Mkhristu, koma mapemphero athu sankawadziwa, ndiye anamanga timitengo tiwiri mopingasa n'kuzika pamandapo. Abudala ndi Msilamu, abale. Mkazi wake ndi mng'ono wake anaphedwa ndi zigawenga zomwezo, tsiku limene zinalowa m'tauni.

Nangondo sanalire nthawi yomweyo. Anapempha a Saidi kuti amufunsire chinthu chimodzi. "Kodi anamwa madzi asanapite?"

A Saidi anafunsa, anamvetsera, kenako anati, "Akuti anamwa, mayi. Anamumwetsa ndi chikhatho."

Apo m'pamene Nangondo analira maliro a mwana wake.

Kenako ndinafunsa a Saidi chifukwa chimene anavutikira chonchi, ine nditawanyoza. Anati, "Mawu anu anandipweteka, sindinama. Ana anga anawamva. Koma mwanayo ndinamuona akukula, ndipo amayi ake anayenera kudziwa."

Ndinagwada pamphasa pomwepo. Tsiku la msika ndinapita ku Nsaru, ndinaima pakhonde la sitolo, ndinapepesa anthu akumva. Pa maliro amene tinachita pambuyo pake, a Saidi anakhala nafe pasiwa mpaka tsiku lomaliza.

Lero sindinabwere kudzakuuzani kuti zonse zili bwino. Mwana wanga sanabwere. Manda ake sindinawaone, ndipo mwina sindidzawaona. Ubwenzi wanga ndi a Saidi ulipo, koma sunabwerere pomwe unali. Mwana wawo wamkulu mpaka pano amandipatsa moni akuyang'ana kumbali, ndipo sindimuimba mlandu. Nangondo akudya, akulima mtedza, anabwerera ku kwaya. Masiku ena amangokhala chete, ine ndimakhala naye pambali.

Koma ndikuthokoza Mulungu. Ndikuthokoza chifukwa mwana wanga sanafe yekha. Ndikuthokoza chifukwa Ambuye sanalole kuti ndikalambe ndi chidani chija. Anandichititsa manyazi, ndipo manyazi amenewo ndi amene anandipulumutsa.

Ndili ndi pempho limodzi, abale ndi alongo. Munthu uja adakali ku msasa. Akusoka zovala pansi pa mtengo, akulera yekha ana atatu. Mukamapemphera kunyumba kwanu, mumutchule. Dzina lake ndi Abudala.

Ambuye akudalitseni nonse. Ameni.